Thupi likamakana kuzimitsa injini: zomwe kupanikizika pantchito kumachita m'mitsempha yathu

Mawu a Chingerezi akuti burnout, onena za kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito, afala mu Lusaka zaka zapitazi. Amamveka pa wailesi m'mawa, amaoneka pa Facebook, ndipo m'maofesi ena anthu amakhala pansi theka la tsiku kukambirana za iwo. Koma mukafunsa anthu atatu tanthauzo lake mumva mayankho atatu. Wina akuti ndi matenda amene bungwe la WHO linawavomereza. Wina akuti ndi dzina lachizungu la ulesi wa ana a masiku ano. Wachitatu, amene wadzuka 04:30 ku Chawama kuti apeze basi mzere usanatalike, amangopukusa mutu n'kunena kuti, "Ise timangoti nalema, basi."

Kuti tione pamene aliyense wa atatuwa waima, tiyambe taona zomwe zimachitika m'thupi la munthu amene ntchito yamukhala pakhosi. Mkanganowo tiupeza kutsogolo.

Mitsempha yake iti?

M'chinenero chathu mawu akuti mtsempha amanyamula katundu wambiri. Namwino akamafuna pobaya jakisoni amafufuza mtsempha, koma umenewo ndi wa magazi. Pali mitsempha ina yosanyamula magazi, yonyamula mauthenga. Imachoka mu ubongo, kutsika mkati mwa fupa la msana, n'kumwazika mpaka kunsonga za zala. Imeneyi ndiyo tikunena pano.

Ina mwa iyo imamvera inu. Mukafuna kukweza mkono, umakwera. Koma pali gulu lina limene silidikira kuti mulilamule, ndipo ndilo limayendetsa mtima, kupuma, thukuta, kugaya chakudya ndi kuthamanga kwa magazi. John Langley wa ku Cambridge analipatsa dzina lakuti autonomic mu 1898, kutanthauza kuti limadzilamulira lokha. Lili ndi nthambi ziwiri zikuluzikulu. Ya sympathetic ili ngati phazi la dalaivala wa minibasi likaponda moto. Ya parasympathetic ndi mabuleki. Mtsempha waukulu wa mabulekiwo umatchedwa vagus, mawu a Chilatini onena za chinthu choyendayenda, chifukwa umachoka m'mutu, kudutsa m'khosi, n'kufika kumtima, kumapapo, m'mimba ndi m'matumbo. Mtima ukanasiyidwa wokha bwenzi ukugunda pafupifupi ka 100 pa mphindi. Vagus ndiye amaugwira kuti munthu wopuma uzimugunda mwina ka 60 mpaka 80.

Palibe nthambi yoipa pa ziwirizi. Basi yopanda moto sichoka pa Kulima Tower, yopanda mabuleki sifika ku Chelstone. Thanzi ndi kusinthana kwa mapazi awiriwo.

Belu loyamba: adrenaline

Walter Cannon, katswiri wa pa Harvard, ankafufuza mmene mimba imagayira chakudya pogwiritsa ntchito amphaka. Anaona kuti mphaka akaopsezedwa kapena kukwiyitsidwa, mimba yake imasiya kugwira ntchito nthawi yomweyo. Pofika mu 1915 anali atalongosola zimene lero zimadziwika kuti kukonzekera kumenya kapena kuthawa.

Tinene kuti mukuwoloka Great East Road madzulo, galimoto yatulukira mwadzidzidzi. Musanaganize n'komwe, kachigawo kakang'ono ka mkati mwa ubongo kotchedwa amygdala kaliza belu. Uthenga wapita ku kachigawo kena ka ubongo kotchedwa hypothalamus, kuchoka apo watsika m'mitsempha ya sympathetic mpaka ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, totchedwa adrenal, ndipo timeneti tathira homoni (mankhwala opangidwa ndi thupi) yotchedwa adrenaline m'magazi. Mtima wathamanga, chiwindi chatulutsa shuga, magazi achepa m'matumbo n'kuchuluka m'miyendo, m'kamwa mwauma gwa. Mwadumpha. Mukafika kutsidya mawondo amanjenjemera kanthawi, kenako mabuleki amagwira, ndipo pofika kunyumba nsima mumadya bwinobwino.

Vuto lagona apa: belu limeneli silisiyanitsa bwino galimoto ndi uthenga wa abwana wolowa pa WhatsApp nthawi ya 22:00. Silisiyanitsa galu wolusa ndi tsiku la lendi. Galimoto imadutsa n'kupita. Koma lipoti losatha, malipiro ochedwa ndi mphekesera za kuchotsa anthu ntchito sizidutsa. Munthu amapita nazo kunyumba, kugona nazo, kudzuka nazo. Ndipo ife anthu tili ndi luso limene mphaka wa Cannon analibe, lotha kudziopseza tokha pongoganizira za Lolemba likudzalo.

Belu lachiwiri: cortisol

Adrenaline amagwira m'masekondi. Pambuyo pake pamabwera njira ina yochedwerapo, ya mphindi zingapo. Hypothalamus imatuma kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary, iko n'kutuma adrenal, ndipo adrenal amatulutsa homoni ina yotchedwa cortisol. Ntchito ya cortisol ndi kuonetsetsa kuti mafuta asathe nkhondo ili mkati. Amakweza shuga m'magazi, amathandiza kuti BP isagwe, ndipo amaimitsa kaye ntchito zimene zingadikire, monga kukula, kukonza zowonongeka ndi mbali zina za chitetezo cha thupi.

Pa intaneti cortisol amamunena ngati mfiti, koma popanda iye munthu sangakhale moyo. Amakwera m'mawa, kufika pachimake patatha mphindi 30 mpaka 45 munthu atadzuka, n'kumatsika tsiku lonse mpaka pakati pa usiku. Alinso ndi njira yodzitsekera. Amene ali ndi thanki yamadzi pamwamba pa nyumba amadziwa kampira koyandama kamene kamatseka madzi thanki ikadzaza. Ubongo umachita chimodzimodzi: ukamva kuti cortisol wakwana m'magazi, umasiya kutuma uthenga. Kupanikizika kwa miyezi ndi zaka kumatha kusokoneza kampirako.

Amene anayamba kuona zotsatira zake ndi Hans Selye, ku Montreal, mu 1936. Makoswe ake ankawazunza m'njira zosiyanasiyana, ena kuzizira, ena mankhwala, ena kuwathamangitsa mopitirira. Chodabwitsa chinali chakuti onse ankatuluka ndi zizindikiro zofanana: adrenal otupa, tiziwalo ta chitetezo tofota, ndi zilonda m'mimba. Iye anati thupi limadutsa magawo atatu, kudzidzimuka, kupirira, kenako kutheratu. Akatswiri a lero sakutsatiranso magawowo ndendende, koma mfundo yake yaikulu idakalipo.

Mu 1993 Bruce McEwen ndi Eliot Stellar anaipatsa dzina lina, allostatic load, kutanthauza kuperepeseka kumene thupi limaunjika chifukwa chodzisintha kosalekeza. Ife a mu Lusaka tinaphunzira fanizo lake mu 2024, chilala chitaphwetsa Kariba, malaiti n'kumapita pafupifupi tsiku lonse. Jenereta yaing'ono ya pa saluni kapena pa butchala inapangidwa kuti ithandize maola ochepa. Anthu atayamba kuiyendetsa m'mawa mpaka usiku, tsiku ndi tsiku, sinaphulike tsiku loyamba. Inayamba kudya mafuta ambiri, kutentha, kutsokomola, kenako tsiku lina inangokana kulira. Sikuti inali yoipa. Inangosowa nthawi yozizira.

Zimene zimasintha mu ubongo

Pali zigawo zitatu zimene ofufuza amabwererako kawirikawiri. Choyamba chili kuseri kwa chipumi, chotchedwa prefrontal cortex. Chimenechi ndicho mkulu wa pabwalo: chimakonza mapulani, kusankha chofunika kuyamba, ndi kugwira lilime pamene mtima ukufuna kutukwana kasitomala. Chachiwiri ndi hippocampus, chothandiza kusunga zokumbukira zatsopano, chimenenso chimathandiza kutseka cortisol uja. Chachitatu ndi amygdala, mlonda woliza belu.

Pa makoswe opanikizidwa kwa milungu ingapo, tinthambi tolandira mauthenga ta maselo a m'zigawo ziwiri zoyambazo timafupika, pamene ta mu amygdala timakula. Mkulu wa pabwalo mawu ake amachepa, mlonda n'kumakuwa pa chilichonse. Aliyense amene anakhalapo wotopa kotheratu azindikira chithunzichi. Umawerenga imelo imodzi katatu osamva. Umalowa m'chipinda n'kuiwala chimene wadzera. Mwana akagwetsa kapu umamukalipira ngati waotcha nyumba, pambuyo pake n'kuchita manyazi.

Pa anthu, kafukufuku wina wodziwika anatuluka mu 2009 ku New York. Conor Liston ndi anzake anaunika ubongo wa ophunzira udokotala amene anakhala mwezi akukonzekera mayeso aakulu. Anapeza kuti kulumikizana kwa prefrontal cortex ndi zigawo zina kunafooka, ndipo ophunzirawo ankavutika kusamutsa maganizo kuchoka pa chinthu china kupita pa china. Atawaunikanso patatha mwezi mayeso atatha, kusiyanako kunali kutazimirira. Ku Sweden, Ivanka Savic wa pa Karolinska Institute anaunika anthu otopa kwambiri ndi ntchito ndipo anapeza mbali ina ya prefrontal cortex itapyapyala, amygdala atakula. Apa m'pofunika kudekha. Magulu ounikidwawo anali aang'ono, ndipo chithunzi chojambulidwa kamodzi sichinena chimene chinayamba. Mitu ya nkhani yonena kuti ntchito "imawononga ubongo" imathamanga kuposa umboni.

Kuchoka m'mutu kutsikira m'thupi

Tulo ndiye woyamba kuthawa. Kuti munthu agone, phazi liyenera kuchoka pa moto. Wopanikizika amagona thupi lili lende koma mutu ukuwerengera, kapena amadzidzimuka 03:00 osagonanso. Ndiye kusagonako kumachititsa amygdala kukhala wamantha kwambiri mawa lake, zinthu n'kumazungulira pomwepo. Minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imakhala yokungika, mutu n'kumawawa ngati wamangidwa duku lothina. Mimba nayo, poti ndi yolumikizana ndi ubongo kudzera mwa vagus, imadandaula: kutupa, kutsegula, kudzimbidwa.

Pa zilonda za m'mimba tiimepo pang'ono, chifukwa ambiri timati "ma ulcer ndi maganizo". Kwa zaka zambiri madokotala nawonso ankatero, mpaka Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anasonyeza m'zaka za m'ma 1980 kuti zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori. Analandira mphoto ya Nobel mu 2005. China chimene chimayambitsa zilondazi ndi mankhwala ena opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, omwewo amene wotopa amagula pa kantemba kuti mutu usiye. Maganizo angawonjezere moto, koma kachilomboko kali ndi mankhwala ake.

Chitetezo cha thupi chimakhudzidwanso. Mu 1991 Sheldon Cohen ndi anzake anadonthezera tizilombo ta chimfine m'mphuno za anthu odzipereka pafupifupi 400, ndipo amene anali opanikizika kwambiri ndiwo anadwala mochuluka.

Umboni wolemera kwambiri uli pa mtima ndi mitsempha ya magazi. Mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO (loona za ntchito pa dziko lonse) anawerengera kuti mu 2016 anthu 745,000 pa dziko lonse anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima okhudzana ndi kugwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa mlungu. Poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40, chiopsezo cha sitiroko chinali chokwera ndi 35 peresenti, cha kufa ndi matenda a mtima ndi 17 peresenti. Sikuti zonsezi n'za mitsempha yokha ayi. Munthu wogwira maola otere amagona pang'ono, sayenda, amadya zokazinga za pamsewu, ndipo ena amadzitonthoza ndi fodya kapena botolo.

Nanga burnout n'chiyani?

Mawuwa anawatchukitsa ndi Herbert Freudenberger mu 1974. Iye ankathandiza pa kiliniki yaulere ku New York, ndipo anaona anzake odzipereka, anthu amene anabwera ndi mtima wonse, akuzilala pang'onopang'ono ngati mbaula yotha makala. Christina Maslach wa ku Berkeley, ku California, anapitiriza, ndipo mu 1981 iye ndi Susan Jackson anatulutsa mafunso oyezera vutoli amene akugwiritsidwabe ntchito.

Mu May 2019 WHO inalongosola burnout m'buku lake la mndandanda wa matenda ndi mavuto a zaumoyo la ICD-11, ndipo apa m'pamene panachokera chisokonezo cha munthu wathu woyamba uja. Nyuzi zambiri zinalemba kuti tsopano ndi matenda. WHO inachita kutulutsa chidziwitso chowongola: si matenda, koma vuto lochokera kuntchito, lobwera ndi kupanikizika kwa nthawi yaitali kumene sikunathetsedwe. Lili ndi mbali zitatu. Mphamvu zimatheratu. Mtima umachoka pa ntchitoyo, munthu n'kuyamba kuinyoza kapena kuona anthu amene amawatumikira ngati chipsinjo. Ndipo amadzimva kuti palibe chimene akukwanitsa.

Mbali yachiwiriyo ndiyo imasiyanitsa burnout ndi kutopa wamba. Wolima tsiku lonse amatopa, koma akagona amadzuka ali munthu. Wopanikizika amakhulupirirabe kuti akangomaliza mulu uwu apuma. Wa burnout wasiya kukhulupirira. Taganizirani namwino amene anagwira mashifiti otalika pa nthawi ya kolera ya 2023 mpaka 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala. Mlungu woyamba adrenaline amamunyamula. Ikatha miyezi, odwala osachepa, kunyumba nakonso mavuto ali tcheru, angapezeke akuyankha wodwala mwaukali iye mwini osadzizindikira. Ife a pa benchi timati manesi ndi amwano. Nthawi zina ndi mwanodi. Nthawi zina tikuona munthu amene mtima wake wadzitsekera chitseko kuti upulumuke.

Kodi n'kuchuluka kwa ntchito kokha?

Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo ambiri timaganiza kuti bwana wamkulu ndiye amadwala kwambiri ndi maganizo. Kafukufuku wa Whitehall, amene anayamba mu 1967 pa ogwira ntchito m'boma ku London, anapeza zotembenuka: a pansi ndiwo ankafa kwambiri ndi matenda a mtima kuposa a pamwamba. Gawo lachiwiri, lotsogozedwa ndi Michael Marmot kuyambira mu 1985, linaloza chimodzi mwa zifukwa zake, chomwe ndi kusowa mphamvu yosankha. Robert Karasek anali atanena kale mu 1979 kuti ntchito yopweteka kwambiri ndi imene imafuna zambiri koma osakupatsa ufulu wosankha mmene uigwirire. Johannes Siegrist wa ku Germany anawonjezera mu 1996 kuti kukhetsa thukuta lambiri n'kulandira zochepa, kaya ndalama, ulemu kapena chitsimikizo cha mawa, nakonso kumadwalitsa.

Kuno kwathu lamulo la Employment Code Act la 2019 limaika maola 48 pa mlungu kwa antchito ambiri, ndi masiku awiri a tchuthi pa mwezi uliwonse wogwira ntchito. Koma anthu ambiri ogwira ntchito m'Zambia sali pa ntchito yolembedwa. Dalaivala wa minibasi amadzuka ali kale ndi ngongole ya kashingi ya mwini basi. Amayi a tomato pa Soweto amafika kusanache, katundu wawo akuola m'manja, chilimba chikudikira, mwina ndi wa kaloba ali pakhomo. Amenewa alibe fomu ya tchuthi yoti asaine.

Pa chochita, anthu agawanika pawiri. Ena amaika mtima pa munthu mwini: kugona mokwanira, kuyenda wapansi, kuzimitsa foni usiku, kupemphera, kucheza ndi anzako, kupuma mpweya pang'onopang'ono. Zimenezi zili ndi maziko m'thupi. Mwachitsanzo, potulutsa mpweya vagus amagwira mtima kuti uchepetse liwiro, n'chifukwa chake kutulutsa mpweya motalika kumakhazika mtima pansi. Ena, kuphatikizapo Maslach mwini, amati kuphunzitsa munthu kupuma bwino n'kumubwezera pa desiki ya ntchito ya anthu atatu n'kukolopa pansi denga likudontha. Iwo amafuna kuti kusinthe kuchuluka kwa ntchito, mashifiti ndi khalidwe la oyang'anira. Olemba ntchito nawo amayankha kuti ndalama zolembera anthu ena palibe. Kafukufuku wa pa madokotala wasonyeza kuti njira zonse ziwiri zimathandiza, koma modekha, osati mozizwitsa.

Chimodzi chokha n'chosakanganitsa. Kutopa kosatha kuli ndi eni ake ambiri: kuchepa magazi, shuga, TB, HIV, malungo, chithokomiro, matenda a kukhumudwa. Munthu asadzipime yekha pa foni. Ayambe wapita ku kiliniki akayezedwe BP ndi magazi. Ndipo amene wafika poganiza zodzipha asadikire tchuthi. Auze wina lero lomwe, ndipo thandizo likupezeka ku zipatala za boma, kuphatikizapo Chainama, kumene sikuti n'kwa "amisala" okha monga timanenera pocheza.

Mafunso amene akadali pabwalo

Loyamba ndi lakuti, kodi burnout ndi chinthu pachokha, kapena ndi matenda a kukhumudwa ovala yunifomu ya kuntchito? Ofufuza monga Renzo Bianchi ndi Irvin Schonfeld amati ziwirizi n'zolowana kwambiri moti kuzilekanitsa kungachedwetse munthu kulandira chithandizo choyenera. A mbali ya Maslach amati wa burnout akachoka kuntchito amasekabe pa ukwati ndi pa mpira, pamene wokhumudwa mdima umamutsata kulikonse. Dziko la Sweden linasankha njira yakeyake mu 2005 povomereza kutheratu mphamvu ngati matenda olembedwa ndi dokotala, pamene maiko ambiri sanatero.

Lachiwiri ndi la muyeso. Palibe kuyeza magazi kumene kumaonetsa burnout. Ofufuza ena apeza cortisol wokwera mwa anthu otere, ena wotsika, ena wosasintha. Amene amagulitsa mankhwala a "adrenal otopa" akugulitsa dzina limene akatswiri a mahomoni salivomereza, ngakhale kuti matenda enieni a adrenal, otchedwa Addison, alipo ndipo TB ndi imodzi mwa zoyambitsa zake. Ngakhale mafunso a papepala sagwirizana. Mu 2018 magazini ya madokotala ya JAMA inasanthula kafukufuku 182 wa pa madokotala n'kupeza matanthauzo 142 a burnout, ndipo ziwerengero zinayambira pa 0 mpaka kupitirira 80 peresenti.

Palinso funso la kuchira. Ophunzira a Liston anabwerera mwakale patatha mwezi, koma iwo anapanikizika mwezi umodzi ndipo ankadziwa tsiku lomaliza. Nanga wa zaka 10? Ndipo n'chifukwa chiyani anthu awiri a pa desiki imodzi, bwana mmodzi, wina amagwa wina n'kutsala? Chibadwa, mavuto a paubwana ndi anthu amene munthu amatsamira akaweruka, zonsezi zikutchulidwa, koma mlingo wa chilichonse ukukambidwabe.

Lomaliza ndi lathu lenileni. Tanthauzo la WHO limati burnout ndi ya kuntchito kokha. Linakulira m'maiko mmene ntchito ili ndi geti, nthawi yoweruka ndi malipiro a pamwezi, ndipo kafukufuku wochuluka wachitika ku Ulaya ndi ku America. Kwa mayi wa ku Kanyama amene kantemba kake kali pakhomo pa nyumba, amene akugulitsa uku akudwazika apongozi, uku akusaka ndalama ya maliro a kumudzi ku Katete, ntchito imathera pati ndipo moyo umayambira pati? Akanena kuti "mtima ukundithamanga" kapena "maganizo andichuluka", kodi mafunso olembedwa ku California amamumva?